Mwana Wosadya wa Zebedee

Ku Hara ukhoza kukhala wopanda ng'ombe, wopanda njinga, ngakhale wopanda nzeru, anthu n'kumakupatsabe moni bwinobwino. Chimene sungakhale nacho mwamtendere ndi mpunga wochuluka kuposa wa mnzako wa m'malire. Zebedee Mwalilino anabadwira komweko, imvi zinamerera komweko, ndipo zimenezi ankazidziwa bwino lomwe. Vuto linali lakuti manja ake sankamva kamwa.

Manja amenewo anayamba kumupalamulitsa adakali mwana. Tsiku lina bambo ake atapita kumaliro, iye anamasula wailesi ya m'nyumba kuti aone kumene anthu oyankhulawo amakhala. Bambo pobwera anapeza tizitsulo tili mbwee pamphasa. Chikwapu chinalira ndithu, koma pofika madzulo wailesi ija inali ikuyankhulanso, mwina momveka bwino kuposa kale, ndiye chikwapucho sichinaphunzitse munthu kanthu. Sukulu anailekera kupulayimale. Atasinkhuka anatsetserekera ku Chilumba n'kukakhazika benchi pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wopita kudoko. Pamenepo ankadzutsa chilichonse chimene chafa: njinga, matochi, nsimbi zositira za asilikali, mpaka injini za maboti zimene asodzi a ku Ngara ankabwera nazo atazimanga pakaliyala. Ntchito yakeyo inalibe dzina. Anthu ankangoti, "Kachisiyeni kwa Zebedee."

Bambo ake atamwalira anabwerera ku Hara kukatenga puloti yawo ya mpunga musikimu yothirira. Anakwatira Keziya, amene aliyense ankamutchula kuti NyaKayira, mayi wa mawu okoma amene ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi kutchalitchi. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Hilda, ndipo Hildayo atakula anakwatiwa ku Mzuzu. Pakhomo panatsala anthu awiri ndi mulu wa zitsulo zakale umene Keziya ankauopseza chaka chilichonse kuti augulitsa kwa ogula zitsulo.

Tsono amene sanalimepo mpunga amaganiza kuti ntchito yaikulu ndi kuwoka kapena kupalira. Ayi. Ntchito yaikulu ndi mbalame. Mpunga ukatulutsa ngala, njere zikadali mkaka, timbalame tofiira milomo timatsika ngati utsi, ndipo ukangoti ukamwe madzi kunyumba, pobwera upeza mankhusu okhaokha. Nyengo imeneyo sikimu yonse imasanduka msika wa amisala. Munthu aliyense ali pansanja yake, akukoka zingwe zomangirira zitini, akuponya matope, akukuwa mpaka kum'mero kuuma. Amene ali ndi ana ndi adzukulu ambiri amasinthana, ndipo m'makalasi mumatsala mabenchi. Kwa Zebedee kunalibe wosinthana naye. Chaka chilichonse Keziya ankasasa mawu, n'kukhala masabata angapo ali chete kumbuyo kwa kwaya, akungogwedeza mutu anzake akuimba. Zimenezo Zebedee zinkamuwawa kuposa mpunga wodyedwawo.

Ndiye tsiku lina anafukula mumulu uja limu ya njinga. Anaimangirira makapu a pulasitiki kuzungulira, n'kuikhazika m'ngalande yodutsa kumutu kwa puloti yake kuti madzi aziizunguza. Kuchokera palimupo tcheni chinkatembenuza kawilo ka mtengo, ndipo mano a kawiloko ankakoka zingwe za zitini m'munda monse. Masiku oyamba mbalame zinathawa. Kenako zinazolowera, chifukwa phokosolo linkabwera mofanana ngati wotchi, mpaka zina zinayamba kutera pazingwe zomwezo n'kumasangalala ndi katungwe waulere. Anthu anaseka mpaka misozi. Zebedee sanaseke. Anakhala pamphepete pa ngalande tsiku lonse akuyang'ana mmene mkazi wake amakokera chingwe, ndipo anaona kuti munthu sakoka mofanana. Amakoka, n'kupuma, n'kukoka kawiri mofulumira, n'kuiwala, n'kudzidzimuka. Anasema kawilo kena ka mano otalikirana mosiyanasiyana ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Kameneko mbalame sizinakazolowere.

Chaka chimenecho Keziya anaimba nyengo yonse ya mbalame. Anthu ankapatuka panjira kudzaona makinawo, ndipo Zebedee ankafotokozera aliyense, ngakhale amene sanafunse. Palibe anatengera, poti ana analipo, nanga ana ntchito yawo n'chiyani. Amene anawapatsa dzina makinawo anali Hudson, mwini puloti ya m'malire, mnzake wa Zebedee kuyambira masiku oweta ng'ombe.

"Anthuni, Zebedee wabereka mwana paukalamba," anatero Hudson, manja ali m'chiuno. "Sadya, sagona, sapempha yunifolomu. Munyane, mnzanga iwe, undibwerekeko mwana ameneyu Lamulungu."

Dzinalo linakanirira. Mwana wa Zebedee. Nthawi imeneyo inali nthabwala chabe, ndipo Zebedee mwiniwake ankainena.

Nyengo zingapo zitadutsa, kunabwera galimoto yoyera. Munatuluka mayi wachitsikana, Thelma, wochokera kuyunivesite ina kumwera, atavala nsapato zosayenera matope. Ananena kuti akuchita kafukufuku wofuna kudziwa mmene nzeru za anthu wamba zingatukulire chuma cha dera lonse, ndipo mlangizi wina wa zaulimi anamuuza kuti ku Hara kuli munthu woti amuone. Thelma sanali munthu woipa, tisamunamizire. Anagwada m'matope, anayang'ana kawilo kaja nthawi yaitali, ndipo atadzuka maso ake ankawala ngati a mwana amene waona nyanja koyamba.

"Bambo Mwalilino, kodi mukudziwa chimene mwapanga?" anafunsa. "Tangoganizani makina awa ali pa puloti iliyonse, kuno, ku Wovwe, mpaka kumpoto uko. Ana abwerera kusukulu. Mpunga uchuluka, zigayo za pa Karonga zigwira ntchito chaka chonse, anyamata owotcherera zitsulo apeza chochita. Madera amene anatukuka anayamba chonchi, ndi munthu mmodzi amene anatopa ndi vuto."

Zebedee anali asanamvepo munthu akunena za manja ake motero. Moyo wake wonse anali munthu wokonza zakufa za anthu ena. Mawu amenewo analowa, n'kukhala.

"Koma chinthu chimodzi," anapitiriza Thelma, akutsitsa mawu. "Kawilo aka ndiye mtima wa zonse. Ndaonapo anthu ambiri akuberedwa nzeru. Wina angobwera, ajambule ndi foni, mawa mumva kuti kampani ya kutauni ikugulitsa, dzina lanu osatchulidwa. Kabiseni kaye. Musaonetse munthu aliyense mpaka titalembetsa kuti nzeruyi ndi yanu."

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Anaiwala kuonjezera kuti kalumo sikasankha pocheka. Madzulo ake Zebedee anayamba kupala matabwa.

"Awiske Hilda," anatero Keziya, kumuitana monga mwa nthawi zonse ndi dzina la mwana wawo, "chinthu chimene anthu anazolowera kuchiona ndi maso, musachivundikire. Kuno si kutauni."

"N'kwakanthawi chabe, NyaKayira. Anthu ophunzira akudziwa chimene akunena."

"Akudziwa za kwawo."

Zebedee anapitiriza kupala matabwa ake. Anakhoma kabokosi kotalika ngati mkono wa munthu, anavundikira kawilo kaja, n'kutseka ndi loko. Kiyi anamumangirira m'khosi. Kunja kunkangooneka tcheni chikulowa mbali ino ndi zingwe zikutuluka mbali inayo.

Woyamba kugunda pakabokosiko anali Hudson. Chaka chimenecho mbalame zinamuvuta kwambiri, ndipo chifukwa chake sichinali chobisika: mbalame yothamangitsidwa siibwerera kuthengo ndi njala, imangodumpha malire. Hudson anabwera ndi limu yake ya njinga m'manja, akuseka mwamanyazi.

"Munyane, ndagonja. Tsegula ndione mano ajawa, nane ndikaseme."

Zebedee anagwira kiyi m'khosi mwake, dzanja n'kuima pomwepo. "Dikira pang'ono, Hudson. A kuyunivesite anena kuti ndisaonetse munthu mpaka atalembetsa."

"Munthu?" Hudson anayang'ana kumbuyo ngati akufuna munthu wonenedwayo. "Ine ndasanduka munthu?"

"Si choncho. Zikatheka udzakhala woyamba."

Hudson anayang'ana kabokosi, anayang'ana mnzake, n'kunyamula limu yake. Sanatukwane. Zikanakhala bwino akanatukwana.

Patapita masabata angapo Thelma anabweranso, ulendo uno kudzacheza ndi alimi onse a mbali imeneyo. Anawasonkhanitsa pamthunzi pafupi ndi ngalande yaikulu, anagawa zakumwa, n'kuyatsa kamakina kojambula mawu. Zebedee anamukhazika pampando kutsogolo, pambali pake, pamene anthu ena onse anali pansi. Zebedee anamva kutentha kumaso, koma kunena zoona mumtima munali kukoma.

"Ndayenda m'mapuloti anu ndipo ndafunsa mmodzimmodzi," anatero Thelma mokondwa. "Ndapeza chinthu chochititsa chidwi. Chiyambire makina awa, zokolola za bambo Mwalilino zakhala zikukwera chaka ndi chaka, pamene za inu oyandikana nawo zakhala zikutsika. Ndiye ndikufuna ndimve kwa inu eni ake. Mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani? Chinsinsi chawo n'chiyani?"

Kusukulu kumene anaphunzira, limenelo ndi funso labwino. Amafunsa choncho kuti adziwe chimene chimalepheretsa anthu kutengera nzeru zatsopano. Koma ku Hara funso limenelo lili ndi eni ake, ndipo limafunsidwa pamalo amodzi okha: kwa nchimi, munthu woombeza amene amaloza mfiti. Palibe munthu wamoyo amaimirira pagulu masana n'kunena kuti mpunga wa uje ukukwera pamene wa anzake ukutsika, pokhapokha ngati akufuna kuti ujeyo aone zakuda. Zimene aliyense ankaziganizira yekha m'mimba, osayerekeza kuzitulutsa, mlendo wophunzira anazinena mokweza, ndipo anati wazipeza pakafukufuku.

Mayi wina anaika botolo lake pansi pang'onopang'ono. Kenako anthu anatembenukira ku Chitumbuka, monga amachitira akafuna kuti mlendo atsale kunja kwa nkhani, ndipo mawu anayenda chapansipansi kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo. Thelma ankamwetulira, akudikira womasulira. Zebedee sankafuna womasulira.

"Chinsinsi chili m'bokosi, amama," anayankha mwamuna wina kumbuyo, m'Chichewa. "Afunseni eni ake."

Thelma anaseka n'kunena kuti zimenezo zidziwika posachedwa. Anathokoza onse, analonjeza kubweranso ndi nkhani yabwino, n'kukwera galimoto. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zebedee anatsala ndi mpando wake m'manja, osadziwa woti amubwezere.

Zinthu zotere sizibwera ndi ng'oma. Zimayamba ndi tinthu tating'ono toti ukauza munthu akhoza kukuseka. Keziya akafika pamjigo, amayi ankamupatsa mpata kuti atunge msanga, ulemu umene sanaupemphe, ndipo nkhani zinkayambiranso iye atasenza ndowa. Mayi wa khomo loyandikana, amene ankabwera kudzapempha mchere ngati kuti kwa Keziya ndi kugolosale, analeka. Njinga zakufa zinayamba kudutsa pakhomo pa Zebedee zitakankhidwa, kupita kwa mnyamata wina wa pamsewu amene sankadziwa n'komwe kuwongola sipoko. Anthu odutsa pangalande ankalambalala kabokosi kaja, ena n'kulavula. Dzina lija linalipobe, koma tsopano ankalinena osaseka.

Kenako mdzukulu wa Hudson, Ireen, anadwala malungo. Anamutengera kuchipatala mochedwa, ndipo sanabwereko wamoyo. Achipatala ananena momveka kuti anali malungo. Anthu anamva, anavomera ndi mitu, koma malungo amayankha funso lakuti mwana wafa ndi chiyani. Sayankha lakuti chifukwa chiyani mwana ameneyu, wa puloti imeneyi, chaka chimenechi.

M'mawa wa tsiku la maliro Zebedee anatenga khasu lake kupita kumanda, monga ankachitira pa maliro alionse chikhalire. Amuna anali atayamba kale kukumba. Atafika, mnyamata wina anamulandira khasu mwaulemu, ndi manja awiri, n'kukaliimika pamtengo patali.

"Pumulani, adada," anatero. "Inu muli ndi ntchito zambiri."

Zebedee anaima pambali mpaka dzenje linatha. Palibe anamuthamangitsa, palibenso anaima naye pafupi. Masana anthu onse atasonkhana, bokosi laling'ono litatsitsidwa, mbusa anapempha kuti pakhale chete asanapemphere. Ndipo mu chete mmenemo mphepo inatembenuka, n'kubwera kuchokera kusikimu.

Gobede. Gobede-gobede.

Zii.

Gobede.

Mapuloti onse a mbali imeneyo anali opanda munthu, poti aliyense anali pamaliro. Koma kumunda kwa Zebedee wina ankakoka zingwe. Ankakoka, n'kupuma, n'kukoka kawiri mofulumira, n'kukhala ngati waiwala, n'kudzidzimuka. Zebedee anamva phokoso la makina ake ndi makutu a anthu ena kwa nthawi yoyamba. Luso lonse limene analiika m'kawilo kaja linali lakuti kazimveka ngati munthu wamoyo. Kanamvekadi choncho. Mayi wina analira mokweza, kutchula dzina la Ireen, nkhope atalozetsa kusikimu osati kudzenje. Mitu inatembenuka umodziumodzi. Hudson yekha sanatembenuke, anangoyang'ana dothi.

Aliyense wokulira kumudzi anamvapo za anthu amene amati amapha mwana mwamatsenga n'kumusunga kuti aziwagwirira ntchito kumunda, wosadya, wosagona, wosapempha kanthu. Zebedee ankaziseka nkhani zimenezo. Ankadziwanso chimene chinachitikira gogo wina kumudzi wa kumtunda zaka zapitazo atanenedwa zofanana: nyumba inapsa dzuwa likuswa mtengo, ndipo gogoyo anakafera kwa achibale akutali, osaonanso munda wake. Zimenezo sizinali nthano.

Hudson anabwera patapita masiku ochepa, m'mawa, maso ali ofiira. Anakana mpando. Anaima pabwalo, chipewa chili m'manja.

"Atuma anthu kukatenga nchimi kutsidya kwa mtsinje wa Songwe," anatero. "Anyamata akuti sadikira kuti afike. Ine ndawaletsa, koma mawu anga akutha mphamvu. Akuti ndikuikira kumbuyo munthu amene wandidyera mdzukulu."

"Iwe ukukhulupirira zimenezo, Hudson?"

Hudson anatembenuza chipewa chake. "Ndinabwera ndi limu yanga. Unandibweza. Ndikagona ndimadzifunsa kuti munali chiyani m'menemo choti ine, ine, ndisachione."

Anachoka osatsanzika. Zebedee atalowa m'nyumba anapeza Keziya akupinda zovala n'kumaziika m'chikwama, zake ndi za mwamuna wake. Yunifolomu ya kwaya anaiika pamwamba. Zebedee anatuluka n'kuimbira foni Thelma. Anafotokoza movutika, poti nkhani zotere zimachititsa manyazi kuzinena m'Chichewa kwa munthu wa kuyunivesite.

"Zoona? M'zaka zino?" anatero Thelma, ndipo mantha ake anali enieni. "Pitani kupolisi, bambo, lero lomwe. Koma chonde musatsegule. Zinthu zatsala pang'ono kutheka, musataye zonse chifukwa cha mphekesera."

Apolisi akanabwera, zimenezo Zebedee sankakayika. Akanamutengera ku Chilumba, akanamusunga wamoyo, mwina akanamanga anyamata awiri atatu. Koma wapolisi sangalamule munthu kuti akupatse moni. Sangalamule amuna kuti akulandire pokumba manda, kapena kuti adzakumbe ako. Bambo ake anagona ku Hara, ndipo iye ankafuna kudzagona pambali pawo. Anauza Keziya kuti aleke kupinda zovala.

Dzuwa lili pamutu, nthawi imene aliyense amakhala kumunda, Zebedee anayenda pakati pa mapuloti akuitana anthu ndi mayina awo. Anabwera. Anaima kutsidya kwa ngalande, amuna kutsogolo, ena atanyamula makasu amene sankawafuna pa ntchito ya mbalame. Keziya anaima pambali pa mwamuna wake atapinda manja. Zebedee anavula kiyi m'khosi, anagwada, anatsegula, n'kuchotsa kabokosi konse kuti dzuwa lilowe.

Munali kawilo ka mtengo kokhala ndi mano osalingana, kakuda ndi girisi, kakuzungulira pang'onopang'ono. Munalinso nyumba ya mavu pakona. Basi.

"Ndi komwe kaja," anatero Zebedee. "Munkakaona tsiku ndi tsiku. Onani, dzino ili likafika apa limakoka chingwe. Apa palibe dzino, ndiye chimapuma. Bwerani mugwire."

Palibe anadumpha ngalande. Iye ankaganiza kuti maso akaona, nkhani itha. Koma bokosi limene lakhala lotseka nyengo yonse silitsegukanso, ngakhale ulitsegule.

"Wamuchotsa kale mwanayo!" anakuwa wina kumbuyo. "Anamva kuti nchimi akubwera!"

Gulu linasuntha. Dothi louma linaponyedwa n'kugwera m'madzi pafupi ndi mapazi a Keziya. Apo Hudson anatuluka pakati pa anthu, anadumpha ngalande movutikira ngati munthu wokalamba, n'kuima maso ndi maso ndi mnzake. Anayankhula motsitsa, koma onse anamva.

"Ngati mulibe munthu m'menemu, munyane, phwanya. Chitsulo sichimva kuwawa."

Zebedee anamuyang'ana m'maso, ndipo anazindikira kuti Hudson sakumuweruza. Ankamuponyera chingwe chokhacho chimene chinatsala. Munthu amene wasunga mwana m'makina sangawaphwanye ndi manja ake, anthu onse ankadziwa zimenezo. Hudson anamupatsa khasu lake.

Kawilo kanasweka atangokamenya kamodzi. Kanali ka mtengo wolimba, kosemedwa masabata ambiri ndi kampeni, koma kanangoti phwa, ngati chikho. Zitini zinalira kamodzi m'munda monse, n'kukhala chete. Zebedee sanaleke. Anamenya tcheni, anamenya makapu, anazula limu m'madzi n'kuipinda ndi phazi mpaka inasiya kuoneka ngati chinthu chimene chinazungulirapo. Misozi inkatsika ndipo sanaipukute. Ena anati akulira chifukwa cha manyazi, ena anati chifukwa cha Ireen. Ankalira makina ake, ndipo amene ankadziwa zimenezo anali Keziya yekha.

Anthu anayamba kubalalika awiriawiri. Asanafike n'komwe kunsanja zawo, kamtambo ka mbalame kanazungulira kamodzi pamwamba, n'kutera mumpunga wa Zebedee. Aliyense anaona. Nchimi uja sanafikenso.

Thelma anabwera mpunga utakololedwa kale, ulendo uno atavala majombo. Anali ndi nkhani yabwino imene analonjeza ija: kulembetsa kunali kutayamba kuyenda, ndipo kunali chionetsero cha nzeru zatsopano ku Lilongwe kumene ankafuna Zebedee akaime ndi makina ake pamaso pa akuluakulu. Anamupeza pakhonde akusoka thumba. Amuna angapo anali pamsewu chapafupi, akuchita ngati akukonza njinga.

"Makina ati, amama?" anafunsa Zebedee mokweza, kuti a pamsewuwo amve.

"Bambo Mwalilino, makina anu aja. A mbalame."

"Kunali zidole za ana pangalande, zinapita ndi madzi. Ine ndine mlimi chabe. Sindinapangepo kanthu."

Thelma anatsegula pakamwa, anayang'ana Keziya, anayang'ana amuna a pamsewu aja, ndipo pang'onopang'ono nkhope yake inagwa. Anafunsa motsitsa ngati cholakwa chinali chake. Keziya anamupatsa madzi akumwa ndi kathumba ka mpunga wa Kilombero koti akadye kwawo, n'kumuperekeza mpaka pagalimoto, chifukwa mlendo ndi mlendo. M'kafukufuku wake Hara inalowa m'gulu la madera amene nzeru zatsopano sizifala, ndipo pamenepo sananame.

Nyengo yotsatira ya mbalame inapeza Zebedee ali pansanja ngati wina aliyense. Ankasinthana ndi Keziya, amene mawu ake anasasanso, n'kubwerera kumbuyo kwa kwaya. Mayi wa mchere uja anayambiranso kubwera. Pa maliro a mkulu wina wa mpingo, khasu la Zebedee analilandira m'dzenje popanda wonena kanthu, ndipo iye anakumba mpaka matuza, ali wokondwa ngati mwana, n'kumadzida chifukwa cha kukondwako.

M'mawa wina Hudson anaima pamalire, akupukuta thukuta.

"Monile, munyane. Zikudya kwanu?"

"Zikudya," anayankha Zebedee.

"Eya. Kwathunso zikudya."

Anagwedezerana mitu, ndipo Hudson anabwerera kunsanja yake ali wopepukidwa. Zebedee anakhala pansi. Patapita kanthawi anazindikira kuti manja ake akuchita kanthu. Anali atatola kawaya penapake panjira, iye osadziwa, ndipo zala zinali zitakapinda kale kukhala kangowe, kokhala ndi kapini koti mphepo ikakankha kazibwerera kokha. Kanali kabwino. Anaona nthawi yomweyo pamene kangagwire ntchito, ndi chimene chikanafunika kuonjezera.

Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Anakawongola kawaya kaja mpaka kanakhala ngati mmene anakatolera, n'kukaponya m'ngalande. Mbalame zinali zikutsika kale kumapeto kwa puloti. Zebedee anaimirira, anagwira chingwe, n'kuyamba kukuwa pamodzi ndi anzake.